Tinavota ndi Nkhono

Ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti, ndipo padoko pano aliyense amadziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Munthu akabwera ndi injini imene wathiramo mafuta osakanizika ndi madzi, ndimamuuza pamaso pa alovi ake, anyamata ogwira ntchito m'boti mwake, kuti ndi chitsiru, kenako n'kumukonzera. Choncho pamene anthu ankasankha komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono, manja ambiri anakwera pa ine. Sikuti ankandikonda ayi. Ankafuna munthu woti akafika kuboma azikalankhula osanjenjemera, komanso wotha kuwerenga Chingerezi, popeza Fomu 4 ndinamaliza, ngakhale kuti sinandipezetse mpando wa mu ofesi.

Chipatalacho chili kumtunda kwa doko lathu, kumpoto kwa Senga Bay, pamene mchenga umathera n'kuyamba dothi lakuda la mpunga. Munthu amene tonse tinkadalira pamenepo anali amzamba, mayi wamfupi wochokera ku Ntcheu, wosalankhulalankhula. Nyumba yawo ya pachipatala inasasuka denga ndi mphepo kalekale, makoma n'kung'ambika, ndiye ankachita lendi kumsika wa kumsewu waukulu. Nthawi ya mvula njira yochokera kumeneko imasanduka phala, akabaza amakana kudutsamo. Koma matenda a amayi sasankha nthawi. Akayamba, mlonda ankapalasa njinga kukawagogodera, iwo n'kubwera akuterereka m'matope, nsapato zili m'manja.

Tsiku lina anandiitanira pakhonde la chipatala.

“Bambo, ndapempha kuboma kuti andisamutse. Ndati ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena.”

Tinakhalapo kale nthawi yaitali opanda mzamba, ndipo ndikukumbukira azimayi akuchirira m'ngolo panjira ya ku Salima. Malo ngati athu, wina akachoka, wolowa m'malo mwake sabwera mawa.

Chaka chomwecho kunabwera uthenga woti zipatala zing'onozing'ono zilandira kandalama kakekake, koti eni dera asankhe okha chochita nako. Kanali kokwanira chinthu chimodzi chokha chooneka. Ine ndinati basi, Mulungu wayankha, timange nyumba ya amzamba akhale. Ndinawapempha kuti adikire kaye, iwo anati adikira mpaka nkhani ya ndalamayo ithe.

Pamodzi ndi uthengawo panabweranso mlendo, mayi wachitsikana wa kuyunivesite, amene ankachita kafukufuku. Anthu atamva kuti akuphunzira za udokotala anayamba kumubweretsera ana otentha thupi, iye n'kumawalozera kuchipatala mwaulemu. Anandipeza pansi pa mtengo wa mango pomwe ndimagwirira ntchito, manja anga ali bii ndi oyilo.

“Ine sindibaya jakisoni, bambo,” anatero. “Maphunziro anga ndi oona mmene ndalama zochepa za zaumoyo zimagawidwira pamene zosowa zili zambiri. Ndani amasankha, amasankha bwanji, ndipo amene sanafunsidwe akutaya chiyani.”

“Ndiye sungani mafuta a galimoto, mayi. Yankho ndikupatsani pompano. Nyumba ya amzamba. Lembani.”

Analembadi. Kenako anati, “Ndalemba. Awa ndi maganizo a bambo mmodzi wa mu komiti. Chimene ndabwerera n'kuona ngati zonena za komiti zili zomwenso anthu akufuna.”

“Komiti ndi anthu.”

“Mwina. Tiona.”

Mwina ameneyo anandikhala m'mutu tsiku lonse. Koma mayiyo sanali wamatama. Anayenda m'midzi yonse imene imadalira chipatalacho, mpaka kwa alimi a mpunga kumtunda, atavala chitenje pamwamba pa thalauza, akukhala pamphasa n'kumamvetsera. Pa zonse zimene anthu ananena panatsala zinthu zinayi: nyumba ya amzamba, mpanda wozungulira chipatala, njinga yamoto yonyamulira odwala, ndi madzi, kutanthauza pampu ya sola ndi thanki yoti madzi azifika m'chipinda chochirira. Akuboma anavomera kuti chimene anthu asankhe pamaso pa mayiyo ndi chimene chichitike. Anajambulitsa zinthu zinayizo pa makatoni kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aone.

Msonkhano unachitika masiku a mwezi wowala, pamene asodzi a usipa sapita kwenikweni panyanja. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya padoko. Mayiyo anagawira aliyense mtedza wosenda wofanana kuchuluka kwake, kuti aliyense akaike pa chithunzi chimene akufuna, kaya wonse pamodzi kaya mougawa. Atatha kugawa anayamba kufotokoza. Anthu a sukulu akayamba kufotokoza satha msanga. Anafotokoza za ufulu wokana, za chinsinsi, za kumene zotsatira zikapite. Pamene ankati tiyambe, anthu anayang'anana. M'manja munali mbee.

“Abale, mtedza uja uli kuti?” anafunsa mayiyo.

Mayi wina wogulitsa nkhuni anayankha ali kutafuna, “Mwana wanga, munthu sapatsidwa mtedza kuti azingouyang'ana.”

Tinaseka tonse, mayi wa kafukufuku nayenso anaseka mpaka kupukuta misozi. Wina anati titole nkhono m'mbali mwa nyanja, zimenezo palibe angadye. Tinatola zigoba zodzaza ndowa, n'kuzigawanso mofanana.

Pofuna kupereka ulemu, mayiyo anapempha akuluakulu kuti ayambe. Wamkulu padoko pathu ndi Alhaji, mwini zilimira, maukonde akuluakulu ophera usipa, ndi maboti angapo. Ndinene chilungamo, si munthu woipa. Maliro akagwa, nsalu amagula ndi iwowo, ndipo safunsa ngati womwalirayo anali wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi. Iwo ankafuna mpanda, ndipo zifukwa anali nazo: mbuzi zinkagona pakhonde la chipatala, akuba anali ataba batire, komanso odutsa m'njira ankasuzumira pawindo la amayi. Anayenda pang'onopang'ono, mkanjo wawo woyera ukukwekwereza mumchenga, n'kukhuthulira nkhono zawo zonse pa chithunzi cha mpanda.

Padoko pali mwambo umene mlendo sangauone. Boti likakocheza, palibe amene amakhudza nsomba mwini wake asanatambasule dzanja. Alovi amayang'ana dzanja limenelo, amalonda amayang'ana dzanja limenelo, ngakhale wopempha ndiwo amayang'ana dzanja limenelo. Munthu akakula akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku, maso ake amazolowera. Ndiye alovi ananyamuka mmodzimmodzi n'kukathira pa mpanda. Azimayi ogula usipa pa maboti a Alhaji anathira pa mpanda. Ena ankafika pafupi, dzanja n'kuyendayenda m'mwamba, kenako n'kugwera pomwepo. Mulu unakula ngati chulu.

Ine mutu unatentha. Ndinaimirira osapempha mwayi.

“Inu ndinu nkhosa kodi? Mpanda udzachiritsa akazi anu? Amzamba akachoka mudzaitana njerwa kuti zidule mchombo? Alhaji, mpandawo ngati mukuufuna mangani nokha, si mwalemera kale!”

Alhaji anandiyang'ana mofatsa, akusisita ndevu.

“Walahi, amakaniko, ine sindinagwire mkono wa munthu. Ndaika zanga ngati mmene mwaikira zanu.”

Zinali zoona, ndipo chifukwa zinali zoona ndinapsa mtima kwambiri. Ndikanapitiriza, koma mayi wa kafukufuku anabwera pakati. Sanandiyang'ane ine. Anagwada pang'ono pamaso pa Alhaji n'kunena kuti walakwitsa ndi iyeyo pokonza kavotedwe, chifukwa waona kuti anthu sankayang'ana zithunzi, ankayang'ana manja a anzawo. Anati aphunzitsi ake akamufunsa sangathe kunena kuti amenewa ndi maganizo a anthu, ndiye akupempha chilolezo chawo, monga bambo wa padoko, kuti zibwerezedwe mobisa.

Alhaji anaganiza kaye. “Bwerezani, mwana wanga. Ine ndidzakhala womaliza. Ngati mpanda ndi wabwino udzapambana wokha, Insha Allah.”

Mawa lake anatchinga thandala limodzi loyanikapo nsomba ndi mikeka mbali zonse. M'katimo anaika ndowa zinayi, iliyonse ili ndi chithunzi chake, zovundikira ndi nsalu yobowola pakati. Azimayi ena anati nkhono ikagwera mu ndowa imalira, ndipo amene ali panja atha kudziwa kuti yalira kumanja kapena kumanzere, ndiye anathira mchenga pansi pa ndowa iliyonse. Ine ndinakaima pakhomo kuti ndizionetsetsa kuti pasakhale chinyengo. Mayiyo anandikokera pambali.

“Bambo, ndikupempha mukakhale uko pamtengo.”

“Chifukwa?”

“Dzanja la Alhaji amaliopa. Koma pakamwa panu amapaopanso.”

Ndinapita. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi kabuleta wa injini ya munthu wina, ndikumutsuka ndi petulo mobwerezabwereza ngakhale anali atayera kale. Dzuwa linakwera. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, ena kutuluka msanga, ena kuchedwa ngati akupemphera. Alimi a kumtunda anabwera pa njinga, azimayi ndi ana kumsana. Mtima wanga unali m'malo. Ndinkadziwa kuti popanda dzanja la Alhaji, aliyense wanzeru aona zimene ndinkaona ine.

Atavundukula ndowa pamaso pa tonse, sipanafunike n'kuwerenga komwe, ngakhale mayiyo anawerengabe. Ndowa ya madzi inali yolemera kuposa zonse. Nyumba inabwera pambuyo pake, kenako njinga yamoto, mpanda kumapeto. Azimayi sanalulute, anangoyang'anana n'kuyamba kumanga zitenje kuti azipita. Alhaji anati Alhamdulillah n'kupita kukaswali. Ine ndinanyamula zipangizo zanga osatsanzika munthu.

Kunyumba ndinapeza mayi a ana anga akupeta mpunga pakhonde. Ndinayamba ndisanakhale pansi. Ndinati anthu a kuno ndi osathandizika, mjigo uli pomwepo kuseri kwa chipatala koma akufuna mpopi ngati ali ku Lilongwe, amzamba achoka ndipo adzalira. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

“Inenso zanga ndathira pa madzi,” anatero, osasiya kupeta. “Zonse.”

“Iwe?”

“Ine amene. Khalani pansi, bambo, mukutchinga mphepo.”

Ndinakhala.

“Mwana wathu wamkazi uja atachira chaka chatha, munabwera nthawi yanji?”

“M'mawa.”

“M'mawa, ndi sopo ndi shuga, mano onse panja. Munapeza mwana wosamba, mayi wosamba, pansi pokolopa. Mukuganiza kuti madziwo anabwera okha? Mjigo umenewo nthawi yotentha umatulutsa ndowa imodzi munthu atapopa mpaka msana kuduka, ndipo pamzere pamakhala mudzi wonse. Ine ndinatsikira kunyanja kangapo ndi ndowa pamutu, mwana wanga ali pa ululu, ndikumusiya yekha. Amene alibe womudikirira amagona m'zimene wachiriramo mpaka wina amumvere chisoni. Amzamba anuwo amasamba m'manja ndi madzi a m'kapu.”

“Nanga bwanji simunanene? Mu komiti muli azimayi. Palibe anatchulapo zimenezi.”

“Anatchula. Anati madzi akuvuta. Inu munati mjigo ulipo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mumafuna anene chiyani pamaso pa apongozi awo ndi ashehe? Za m'chikuta sitinena pabwalo, mukudziwa bwino. Ngakhale panopa ndakuuzani zochepa.”

Ndinakumbukira msonkhano umenewo. Mayi wina anatchuladi za madzi, maso ali pansi, ndipo tonse amuna tinagwedeza mitu n'kupita pa mfundo ina. Sitinamukanize kulankhula. Kungoti zimene zikanatigwira mtima zinali zomwe mwambo sumulola kutiuza, ndipo mu ndowa yovundikira munalibe apongozi oti awachitire manyazi.

Koma kumvetsa sikunathetse vuto langa. Tsiku lotsatira ndinapita kwa amzamba kukawauza zotsatira. Anali atamva kale.

“Asankha bwino,” anatero. “Ndikanakhala wovota, inenso ndikanathira pa madzi. Koma bambo, musandinamize ndipo ine sindikunamizani. Mvula ikubwerayi sindingayendenso njira ija. Mawondo anga akana.”

Mayi wa kafukufuku anabwera kudzatsanzika asanabwerere kusukulu. Ndinamulandira ndi mawu olimba. Ndinati wabwera ndi nkhono zake, watichotsera mzamba, ndipo akupita kukalandira digiri.

Sanakwiye. Anakhala pa injini yakufa imene ndimakhazikapo alendo.

“Kafukufuku wanga sakunena kuti nyumba ndi yosafunika, bambo. Akuonetsa kuti madziwo ali ndi mtengo wina kupatula wa pampu ndi thanki. Chimene mwasankha mwachigula ndi chimene mwasiya. Zimenezi ndikalemba momveka, kuti akuluakulu aone kuti kupatsa anthu mwayi wosankha pakati pa madzi ndi mzamba si kuwapatsa ufulu wokwanira.”

“Akawerenga liti?”

“Sindikudziwa. Mwina mochedwa.”

“Mvula isanagwe?”

“Ayi.”

Pa yankho limenelo ndinamulemekeza. Anthu ambiri a magalimoto oyera akafika apa amati tiona chochita.

Thanki inafika, amisiri anayamba kukumba ngalande za mapaipi. Ine ndinkangoyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinapita kuboma kukachonderera, anandiuza mwaulemu kuti nyumba za ogwira ntchito zili pa mndandanda wautali wa boma lonse. Ndinabwerako ndikutukwana mu minibasi, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndamwa.

Ndi mayi a kunyumba amene anathetsa nkhaniyi, ndipo anaiyamba ngati nkhani wamba, tikudya.

“Kanyumba kaja ka malata ka kumunda kwa amayi anga, kali kutali bwanji ndi chipatala?”

Kanyumbako ndinakamanga ndekha pa malo a kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwenikweni kwa chipatala, ndi maganizo oti mwana wathu wamwamuna adzakhalemo. Iye anapita ku Joni, ndiye ine ndinakasandutsa mosungiramo mainjini akufa amene ndimachotsako zitsulo, komanso amalonda ankasungiramo matumba a usipa wouma akamadikira galimoto.

“Ayi,” ndinatero. “M'menemo muli chuma changa.”

“Muli dzimbiri.”

“Dzimbiri limenelo ndi limene limagula mpunga ukudyawu. Ndikaziika panja zivunda ndi mvula.”

“Mwafuula padoko, mwafuula kuboma, mwafuula mu minibasi. Anthu onse amva kuti amzamba mumawafuna. Tsopano ndikufuna ndione ngati mumawafuna kuposa zitsulo. Komanso malowo ndi a kwathu, musaiwale.”

Ndinatuluka panja, ndinazungulira nyumba, ndinakalipira galu wosalakwa. Kwa masiku angapo sitinalankhulane bwino. Kenako m'mawa wina ndinatenga makiyi.

Injini ya boti ndi yolemera, ndipo zinalimo zambiri. Ndili mkati mokoka yoyamba ndinaona alovi a Alhaji akubwera, wina atasenza thumba la laimu. Chichitikireni mkangano uja Alhaji anali asanandibweretsere injini ngakhale imodzi, ankatumiza kwa makaniko wa ku Khombedza. Kapitawo wawo anati, “Abwana akuti tikuthandizeni kunyamula. Akutinso laimuyu si wa inu, ndi wa amzamba.” Ndinati kawauzeni kuti ndamva. Tinatulutsa zonse n'kuziunjika pansi pa mtengo, ndinafunditsa lona. Azimayi anakolopa ndi phulusa ndi sopo, tinapaka laimu kawiri, ndinakonza chitseko ndi kukumba chimbudzi chatsopano. Fungo la usipa linachepa koma silinathe. Linali litalowa m'njerwa.

Amzamba anabwera kudzaona ataweruka, atavala yunifolomu. Mkazi wanga anali pambuyo pawo, ine ndinaima pakhomo ngati mlendo. Amzamba analowa chipinda choyamba, chachiwiri, anagogoda khoma ndi chala, anayang'ana kudenga ngati kuli pobowoka. Kenako anatsegula windo la kumbuyo. Kuchokera pamenepo khomo la chipinda chochirira limaoneka bwinobwino, moti munthu ataitana amveka.

“Mukununkha usipa muno,” anatero.

“Muzolowera, mayi. Tonsefe kuno timanunkha choncho.”

Mkazi wanga ananditsina pamkono. Amzamba anaseka, koyamba kuwaona akuseka chibwerere kuno.

“Nanga mwini nyumba ndani? Ndisadzakangane ndi munthu wolakwika denga likadontha.”

“Makoma ndi a bambowa,” anatero mkazi wanga. “Pansi ndi panga. Likadontha uzani ine, ndidziwa mowatumira.”

Amzamba anaimabe pawindopo kanthawi, manja atapinda pachifuwa. Ine ndinafuna kulankhula, kuwakumbutsa za ngolo ndi za njira ya ku Salima, koma ndinadziluma lilime, ndipo ndikuuzeni kuti kunali kovuta kuposa kunyamula mainjini aja.

“Ndikawauza kuboma kuti aimitse kaye zondisamutsa,” anatero potsiriza. “Ndiyesa mvula imodzi. Ndikaona kuti sizikuyenda ndidzakuuzaninso ndekha.”

Katundu wawo anabwera pa ngolo Loweruka lotsatira, mitambo itayamba kale kuda kumapiri. Mvula imeneyo inagwa yambiri, njira ya kumsika inaduka, koma amzamba ankangotuluka pakhomo ndi ambulera n'kudutsa m'munda wa chinangwa. Itatha sananene kanthu za kusamuka, ndipo ine sindinawafunse. Anadzala mpiru ndi tomato kuseri kwa kanyumbako, n'kundituma kuti ndiwamangire kampanda ka bango chifukwa cha mbuzi.